Mfulu Salowa M'khola

A Makiyi anagwira ntchito yoyang'anira akaidi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Dzina limeneli silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo, moti munthu ankayamba kuwamva asanawaone. Tsiku limene anapuma pa ntchito anafika kunyumba, nakhala pasofa, navula nsapato, nalumbira pamaso pa akazi awo.

"Amayi, mundimvetse. Dzanja ili latsekera ana a eni ake okwanira. Kuyambira lero sindidzatsekeranso chinthu chopuma, ngakhale nkhuku."

"Chabwino, bambo," anayankha mayiwo, osadzutsa n'komwe mutu pamakina.

Mayiwa anali telala wa manja abwino, ndipo shopu yawo inali pabalaza pomwepo: makina osokera pafupi ndi zenera, tebulo lodulirapo nsalu, ndi galasi lalitali limene akwati ankadziyang'anirapo. Anthu ankalumpha matelala khumi m'tauni kudzagogoda pakhomo pawo, ndipo mayiwo ankanyadira zimenezi kuposa china chilichonse. Malumbiro a amuna awo sanawalabadire. Bambo omwewa anali atalumbirapo kawiri kuti asiya shuga.

Patapita mwezi, mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anaona kuti bambo ake akungokhala ndwii, nyuzipepala imodzi kuiwerenga katatu. Anawabweretsera kagalu kofiirira, ka makutu ogwa, kokhala ndi mapazi aakulu ochenjeza aliyense wamaso kuti ung'ono wake ndi wa masiku owerengeka. Pamodzi ndi kagaluko anatsitsanso m'galimoto khola la waya, la chitseko chake, m'kati muli kabulangete.

"Nanga ichi n'chiyani?" anafunsa a Makiyi.

"Ndi khola lake, ababa. Si lokhalamo tsiku lonse ayi. Azigonamo, komanso muzimulowetsamo kanthawi pang'ono makasitomala a amayi akabwera. Mukamuzoloweza akadali mwana, adzalikonda yekha ngati chipinda chake."

A Makiyi analizungulira kholalo manja ali kumbuyo, monga katswiri. Anagwedeza chitseko, nayesa kachitsulo kotsekera, kenaka napukusa mutu.

"Iwe, usandiphunzitse ntchito yanga. Ichi n'chitolokosi. Ifenso akaidi tinkawauza chomwecho, kuti musadandaule, mudzazolowera. Tandiuza, walakwa chiyani mwanayu? Wamuweruza ndani?"

"Ababa, ameneyu ndi galu."

"Ndiye kuti galu alibe mtima?"

Namwino anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana ulusi. Tsiku lomwelo galuyo anapatsidwa dzina loti Mfulu, ndipo lamulo linakhazikitsidwa: Mfulu salowa m'khola, samangidwa chingwe, ndipo satsekeredwa panja, pakuti kutsekera panja n'kutsekera ndithu.

Sabata yoyamba Mfulu anatafuna nsapato ya kutchalitchi ya a Makiyi, ya kumanzere. Sabata yachiwiri anamalizitsa ya kumanja, kuti pasakhale tsankho. A Makiyi anaganiza mozama, napeza nzeru: anatola nsapato zonse za m'nyumba n'kuzitsekera m'khola muja. Inu, zinthu zake! Nsapato zosalakwa zili m'chitolokosi, wolakwa ali panja kugwedeza mchira. Posakhalitsa munalowanso tepi yoyezera ya amayi, rimoti, mapilo a pasofa ndi chingwe cha ayironi, mpaka kholalo linadzaza kuposa ndende imene bambowo ankagwirako ntchito.

Litadzaza khola, anayamba zitseko. Kukhitchini loko, kuchipinda loko, kubafa loko, chifukwa Mfulu anali atatulukira kukoma kwa sopo. Itakwana miyezi inayi, galu anali atafika m'mawondo mwa munthu, ndipo m'chiuno mwa a Makiyi munali mutayambanso kulira makiyi. Makaniko wa nyumba yoyandikana nayo anawamva akudutsa, nasuzumira ali kunsi kwa galimoto.

"Achikulire, kodi akuitananinso kuntchito?"

"Awa ndi a pakhomo," anayankha a Makiyi mwaulemu wonse. "Ine ndimatsekera katundu, sinditsekera moyo."

Chipinda chimodzi chokha ndicho chinalibe chitseko cha m'kati, ndipo chinali balaza, shopu ya amayi. Kumeneko Mfulu ankalandira alendo yekha. Mayi wina wa kwaya, akuyesa siketi yoyera, anasindikizidwa mapazi awiri a matope kumbuyo. Wina anathawa ndi bulauzi ya mkono umodzi, mapini akadali momwemo, ndipo sanabwerenso. A Makiyi ankangoti galuyo ndi wansangala, anthu ndiwo amantha.

Tsiku lina mayi aja anaimitsa makina, navula magalasi. A Makiyi ankadziwa kuti magalasi akavulidwa nkhani yakula.

"Bambo, ndapirira. Makasitomala anga akutha ngati madzi a m'ndowa yobooka, inu mukuseka. Tsono mundimve. Sabata ino ndili ndi diresi la ukwati la mwana wa ahedi a kusukulu, ukwati wake Loweruka. Mikanda yake ndasokerera pamanja, umodziumodzi, masabata atatu. Galu wanuyu akangolikhudza, ine ndi makina anga tituluka pakhomo pano, mutsale awiriwiri."

"Simungatero amayi, chifukwa cha kagalu?"

"Si chifukwa cha galu. Galu alibe mlandu."

Lachinayi m'mawa diresi lija linali litatha, kungotsala zipi. Mayiwo analiyala patebulo, velo pambali pake, poti mkwati ndi mayi ake abwera posachedwa kudzayesa komaliza. Zipi imene anali nayo inali yaifupi, choncho anayenera kuthamangira kusitolo. Asanatuluke anakhuthula nsapato zonse za m'khola, naponyamo fupa, ndipo Mfulu analowa yekha mosakakamizidwa. Mayiwo anatseka kachitsulo kaja kuti kho.

"Ola limodzi lokha, bambo. Watsekera ndine, si inu. Lumbiro lanu silinasweke. Inu ntchito yanu n'kungokhala."

Kungokhala! Ntchito imene a Makiyi anaichita bwino miyezi yonseyi inawakanika tsiku limeneli. Anakhala pasofa, natsegula nyuzipepala, koma maso anali kukhola. Mfulu anatafuna fupa lake, nazungulira kawiri pakabulangete, nagona, mutu pamiyendo, napuma mpweya wautali wa munthu wokhuta. Kunena zoona galuyo anali pamtendere umene anali asanaupezepo m'nyumba imeneyi. Koma a Makiyi mpweya umenewo anaumva mwina. Anakumbukira nkhope zonse zimene ankaziona kuseri kwa zitsulo, ndipo anaponya nyuzipepala pansi.

Anagwada pafupi ndi khola. "Pepa, mwanawe. Ndikudziwa mmene zimawawira."

Mfulu anatsegula diso limodzi, nalitsekanso.

"Taonani, wataya kale mtima," anadziyankhulira bambowo. "Amayamba chonchi."

Anatsegula chitseko. Galu sanatuluke. Anamuitana, galu anangogwedeza nsonga ya mchira ali chigonere. Apa munthu wanzeru akanatseka n'kubwerera ku nyuzipepala yake. A Makiyi anapita kukhitchini, natsegula loko, natenga bisiketi, nayamba kumunyengerera mkaidi wokana ufuluyo mpaka anatuluka akudziwongola.

"Eya! Wakhululukidwa. Koma ukhale bwino, wamva? Tisachititsane manyazi."

Atatero mtima wawo unakhala m'malo. Anaona kuti ndi bwino akamete ndevu, alendo asawapeze ngati chitsamba. Analowa kubafa, ndipo mwa chizolowezi anakiya chitseko.

Pamene ankatuluka, tsaya lili see, anamva kanthu kakuterereka kunsi kwa phazi. Unali mkanda. Patsogolo pake panali wina, kenaka ina, ili mbwee mpaka pabalaza. Diresi linali pansi. Mkono umodzi unali kuseri kwa sofa, chifuwa chonse cha mikanda chitang'ambika pakati, ndipo Mfulu anali kuthamanga kuzungulira tebulo, velo itamukola m'khosi, akukoka mchira wa diresi ngati wapha nyama. A Makiyi asanaganize n'komwe bodza loti anene, chitseko cha panja chinatseguka. Akazi awo anali atakumana ndi mkwati ndi mayi ake pageti, ndipo analowa onse atatu akuseka.

Kuseka kunathera pakhomo pomwepo. Mkwati anagwira pakamwa, kenaka anayamba kulira mokweza. Mayi ake anayang'ana diresi, nayang'ana telala, nanena mawu amodzi okha: "Tinakukhulupirirani." Mayi a m'nyumba sanakalipe. Anayang'ana khola lotsegula, nayang'ana nyenyeswa za bisiketi pakhomo pake, ndipo a Makiyi anaona misozi m'maso mwa mkazi amene sanalirepo pamaso pa kasitomala chiyambire ntchito yake.

"Galuyu anali atagona, eti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amaoneka wosweka mtima, amayi."

Pasanathe ola, galimoto ya namwino inali pakhomo. Ananyamula makina, galasi, tebulo ndi zidutswa za diresi. Kunyumba kwa mwana wawoko mayi aja anasoka osapuma masiku awiri, ndipo mkwati anakwatiwa ndi diresi lopanda mikanda. Ukwati unatha, sabata inatha, yachiwiri inatha, makina sanabwerere.

A Makiyi anatsala ndi Mfulu wawo. Pabalaza panali mbee, sofa yonse galu atailanda. Chakudya sichinkadyeka patebulo chifukwa mphuno inkafika m'mbale dzanja lisanafike, choncho bambowo anayamba kudyera kuchipinda, atakiya. Galu ankagona chopingasa pakhomo la chipindacho, nthawi ndi nthawi n'kumanunkhiza kunsi kwa chitseko kuti atsimikize ngati munthu wake akadalimo. M'nyumba mopanda phokoso la makina munawakulira, ndipo anawasowa akazi awo koopsa. Tsiku lina masana anadzichepetsa, naimba foni.

"Amayi, bwererani. Nyumba ino yazizira."

"Galu ali kuti?"

"Ali pakhomo la chipinda."

"Nanga inu muli kuti?"

"M'chipindamo."

"Mwakiya?"

"Ndakiya."

"Chabwino, bambo. Khalani bwino momwemo, musavute. Ndidzabwera Lamulungu masana kudzakuonani. Kodi kumeneko amalola kulowa ndi chakudya?"

Foni inaduka. A Makiyi anakhala pamphepete pa bedi, mbale ili pamwendo, chakudya chitazizira. Anakana kutsekera galu ola limodzi, nataya mkazi amene anakhala naye zaka makumi atatu, n'kudzitsekera okha. Akuluakulu sananame pamene anati chifundo chinapha nkhwali.