Chithunzi cha Malemu Paison

Ku Bangula dzuwa la Okutobala silicheza ndi munthu, ndipo m'situdiyo ya Kaitano munkatentha kuposa panja. Ntchito yake inali kujambula zithunzi za maukwati, za ubatizo ndi za ziphaso. Zonse za zaka khumi ndi ziwiri zinkasungidwa m'kompyuta imodzi yakale, yomwe inkalira pansi pa tebulo ngati chigayo chotopa. Makompyuta ena atatu a m'situdiyomo ankatunga ndi kuthira mmenemo. Pasiwedi inali imodzi yokha, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pamalopo ananyamuka nayo m'mutu.

Zithunzizo sizinali zamasewera. Madzi osefukira atakokolola nyumba za kumunsi, mabanja ambiri anatsala opanda chithunzi ngakhale chimodzi, moti nkhope za abale awo zinatsala kwa Kaitano kokha. Mmodzi mwa anthuwo anali Mayi Magdalena a kwa Mbenje. Iwo ananeneratu kuti mvula isanagwe adzabwera kudzatenga chithunzi cha malemu amuna awo, a Paison, choti chikaikidwe pa chiliza.

Priscilla, amene ankakonza zithunzi pa situdiyopo, anauma pakamwa n'kuchenjeza kuti zithunzizo zidzatayika tsiku lina, mpaka Kaitano anatopa naye n'kukagula ku Blantyre bokosi latsopano losungira mafayilo, la madisiki awiri.

"Bwana, kugula kokha sikuchiritsa," anatero Priscilla. "Tisamutse zonse lero. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, ndipo wosagwira ntchito muno asamalowenso."

Kaitano anapukuta thukuta. Ankadziwa amene akunenedwa. Anali Geresomo, mlongo wa mkazi wake, amene ankaonetsa kanema kumsika ndipo ankasunga mafilimu ake m'kompyuta yomweyo. Geresomo ndiye anali mwinimbumba, ndipo malo amene situdiyoyo inamangidwapo anali a kwawo. Nanga mkamwini angayambire pati kutsekera chitseko mwini nthaka?

Tsiku lina analimba mtima. Geresomo atalowa ndi laputopu yake kukhwapa, Kaitano anakonza kukhosi.

"Alamu, pali kankhani pang'ono ka makinawa."

"Nenani, alamu. Avuta?"

"Ayi, ndimati akutentha kwambiri masiku ano."

"Ndi dzuwali, alamu, tonse tikupsa," anaseka Geresomo, n'kulumikiza laputopu yake.

Bokosi latsopano linakhala m'katoni pamwamba pa kabati milungu isanu, likusonkhanitsa fumbi. Priscilla akakumbutsa, yankho linali mawa. Anamupempha kuti angokopera zithunzizo m'bokosimo, za mapasiwedi adzaone pambuyo, koma Kaitano anakana poopa kuti mlamu wake akaona bokosilo likuyaka afunsa, ndipo nkhani ija iyambika. Pomaliza Priscilla anangosiya, chifukwa ngakhale wokumbutsa amatopa.

Lachiwiri lina m'mawa Mayi Magdalena anatsika pa kabaza, fumbi lili mbuu kumapazi. Kaitano anawapatsa mpando n'kuyamba kufufuza foda yotchedwa Zakale. Anafufuza kawiri, katatu. Pamalo pake panali mafilimu a nkhondo ndi a karate, mazanamazana. Priscilla anayesa nzeru zake zonse mpaka masana, kenako anapukusa mutu. Kompyutayo itadzaza, wina anafufuta fodayo ali pa laputopu yake kuti apeze malo, ndipo mafilimu anali atalembedwa kale pamwamba pa zithunzizo.

Kaitano anagwada pambali pa mpando wa mayiwo.

"Mayi, ndalakwa. Chithunzi cha bambo chatayika, ndipo sichipezekanso."

Mayi Magdalena anasalaza chitenje pamaondo.

"Madzi ananditengera nyumba, sindinadandaule, poti madzi alibe maso," anatero motsitsa. "Koma inu, mwanawe, maso muli nawo. Ndimafuna adzukulu adzadziwe kuti mphuno zawozo anazitenga kwa yani."

Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Kaitano. Anangodzuka, n'kutuluka kukafuna kabaza wobwerera.

Madzulo a tsikulo Geresomo anafika monga mwa masiku onse. Kaitano, yemwe tsopano analibenso choti ateteze, anamufotokozera zonse, kuyambira za bokosi mpaka za chiliza. Geresomo anagwira pakamwa.

"Ine ndinaona palembedwa Zakale, ndiye ndimati n'zotha ntchito! Koma alamu, bwanji osandiuza? Mukanangoti, 'Geresomo, chotsa mafilimu ako,' ine ndikanagula kadisiki kanga tsiku lomwelo. Mumandiona ngati chilombo?"

Chitseko chimene Kaitano anachiopa milungu isanu chinali chosakhoma n'komwe.

M'mawa mwake Priscilla anatsitsa katoni ija, nasamutsa zimene zinatsala, napatsa aliyense pasiwedi yake. Ntchito yonse inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo palibe amene anakwiya. Koma kwa Mbenje chiliza cha a Paison chinamangidwa ndi dzina ndi zaka zokha, ndipo mabanja ena ankabwerabe mmodzimmodzi kudzafunsa nkhope za abale awo. Aliyense Kaitano ankamugwadira n'kubwereza mawu omwe aja, mpaka maondo anazolowera simenti. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.