Mwala wa Lufeyo

Kalekale, phiri ili lisanatseke pakamwa, m'mudzi mwathu muno mwa Kamphamba munali munthu wina dzina lake Dzinkambani. Amenewo ndiwo anabereka agogo a bambo anu. Mukuona mmene mulili muno lero? Nyumba khumi ndi zinayi, mbuzi kuchuluka kuposa anthu. Koma nthawi imeneyo, ha! Nyumba zinali ndandanda kuchokera kudambo mpaka m'tsinde mwa phiri. Asena analipo, Alomwe analipo, Atonga analipo, onsewo anabwerera chinthu chimodzi: kukumba malasha. Fumbi lake silinkasiya ndi nkhuku zomwe. Ukagula tambala woyera Lolemba, pofika Loweruka mwini wake wakale ankamudutsa osamuzindikira.

A Dzinkambani ankakumba nawo, mpaka tsiku limene ngolo ya malasha inawaponda phazi. Atachira, akutsimphina, anzawo anawapatsa ntchito yosunga miyala.

Miyala yanji? Tamverani. Mumgodi muja munali mdima wokhawokha, njira zake zokhotakhota ngati za mfuko. Munthu akatsalira mkati, akanadziwa ndani? Ndiye okumbawo anapangana okha: aliyense akhale ndi kamwala kake. Polowa, uike pathanthwe la pakhomo pa mgodi. Potuluka, utole. Ndipo wosunga miyala sachoka pamalopo mpaka thanthwe litayera. Likayera, amenye chitsulo cholendewera pamtengo n'kufuula kuti onse atuluka. Ukatsala umodzi, ndiye kuti munthu akadali pansi.

Tsono a Dzinkambani anali ndi mng'ono wawo, Lufeyo, munthu wa nthabwala, wa phuma. Mwala wake unali woyera, wakumtsinje, wa mzere wofiira pakati. Tsiku ndi tsiku iye ankatuluka n'kungodutsa.

“Iwe Lufeyo, mwala!”

“Aa, achimwene, simukundiona ndi maso anu? Ndine mzukwa ine?”

“Maso amanama. Tola.”

“Inu tsiku lina mudzakwatira mwala, alamu anga adzakuthawani.”

“Tola, iwe.”

Ankatola, akuseka.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kapitawo anaimba chitsulo nthawi isanakwane. Anthu atatuluka, anawauza kuti eni mgodi autseka, madzi achuluka pansi. Wofuna ntchito akwere malole awiri amene anaima pamsewu, opita kumigodi yakutali kum'mwera, lero lomwe. Mukuganiza kunali bwanji? Chipwirikiti! Wina kuthamangira bulangete, wina kukasiya mawu kwa mkazi, wina kukwera ali ndi fosholo m'manja. Komabe aliyense ankayamba wawerama pathanthwe paja. Malole atapita, fumbi litatsika, a Dzinkambani anayang'ana. Panatsala mwala umodzi. Woyera, wa mzere wofiira.

Anatenga nyali n'kulowa, ndi phazi lawo lija. Madzi m'mawondo, madzi m'chiuno. “Lufeyo! Lufeyo iwe!” Phiri linkangowabwezera mawu awo omwe. Analowa tsiku loyamba, analowa lachiwiri, analowa lachitatu, mpaka madzi anatsekeratu njira.

Mayi wina wogulitsa thobwa anati, “Ine ndinamuona. Anatulukira kudzenje la mpweya kuseri kwa phiri, n'kudumphira lole ikuyenda.” Mnzake anati, “Bodza, uja sanali Lufeyo. Onse anali bii, unamudziwira chiyani?”

A Dzinkambani anamva zonsezo, n'kunena mawu awiri okha: “Ngati ali moyo, abwera adzatole. Ngati ali pansi, sindingamusiye yekha.”

Ndiye mudzi unayamba kutha. Unatha ngati madzi a m'mtsuko wong'aluka, osaona pamene akudonthera. Lero banja ili lasenza mitolo, mawa lija lagwetsa denga. Pachitsime pamene amayi ankakanganirana malo panamera udzu. Nyumba zinatsala zisanu ndi ziwiri, kenaka zitatu. Nkhuku zinayambanso kuyera.

A Dzinkambani anamanga nyumba pafupi ndi thanthwe, n'kulima pomwepo. Akazi awo, a Nangondo, analankhula mpaka kukhosi kuuma.

“Bambo a Ndaona, tiyeni kwathu. Abale anga atisungira munda.”

“Thanthwe silinayere.”

“Mwala umamva njala? Mukadwala ukuphikirani phala? Lufeyo ankanena zoona, munakwatira mwala inu!”

“Nanga bwanji simunathawe?”

“Ndithawe, mudye malasha?”

Anakhala. Ndipo mukudziwa chimene chinachitika? Ena mwa aja anakwera malole anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, okalamba, akutsokomola. Akanapeza bwinja akanapitirira. Koma ankaona utsi panyumba ya a Dzinkambani, n'kutula katundu. Aliyense ankafunsidwa funso lomwelo: “Lufeyo munamuonako?” Mayankho ankasiyana. Migodi inali yambiri, dziko lalikulu.

Zinapita zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku lina m'nyengo yokolola kunafika mayi wachitsikana, mwana kumsana, Chichewa chake chopindika ngati cha wobadwira kunja. Anagwada pakhomo.

“Ndikufuna abambo aakulu, osunga miyala.”

“Ndine. Ndiwe mwana wa yani?”

“Dzina langa ndi Esinala. Bambo anga anali a Lufeyo. Tinawaika m'manda miyezi itatu yapitayo, chinali chifuwa. Ankati anakumbukira za mwala lole ili kale patali. Kalata anayamba kangapo, manyazi n'kuwagwira dzanja. Chaka chikapita, manyazi n'kukula. Pomwalira anandiuza kuti, ‘Pita ukatole mwala wanga, woyera wa mzere wofiira, achimwene akapume. Ndimawadziwa, akadali pomwepo.’”

A Dzinkambani anapukuta m'maso ndi chikhatho.

“Chitsiru chija,” anatero. “Kuwerama kamodzi kokha kunamukanika.”

Anamugwira dzanja Esinala mpaka pathanthwe. “Tola, mwanangu.” Iye anatola. Pamene panakhala mwalawo panatsala kachizindikiro kozungulira, koyera kuposa thanthwe lonse. Nkhalamba ija inatsimphina kupita pamtengo pamene chitsulo chinali chikulendewerabe, chadzimbiri. Inachimenya kamodzi, n'kufuula monga inkachitira kale: “Onse atuluka!”

Kenaka inatembenukira kwa akazi ake. “Mayi a Ndaona, tsopano tiyeni kwanu kuja.”

“Kuti? Mango anga ayamba kubereka. Khalani pansi, alendo adye.”

Esinala sanabwererenso. Nyumba ya pafupi ndi msewu ija ndi ya zidzukulu zake.

N'chifukwa chake, ana inu, muno munthu sachoka mwakachetechete. Kaya ukupita ku Limbe, kaya ku Joni, uyambe watsanzika, uike mwala wako pathanthwe, ndipo uli kutaliko uzitumiza mawu, chifukwa pali wina amene akuuyang'ana mwalawo m'mawa uliwonse. Mukapita mukaona ilipo miyala makumi atatu ndi umodzi, kuchuluka kuposa nyumba zathu. Musaigwire. Eni ake sanatuluke. Malo opanda mwala a kumapeto aja ndi a mwala wanga wakuda. Ndauikapo kasanu, ndipo kasanu konse, ndikafika pamphambano paja n'kuona utsi, miyendo imayamba yokha kuthamanga.