Mng'alu pa Nsanamira ya Thanki

Panali munthu wina, dzina lake Dzimbiri, amene ankayang'anira ntchito zomanga pa chipatala cha mishoni kumudzi. Chipatalacho chinali pamtunda, ndipo madzi ankasowa. Amayi odikirira odwala ankatsika kudambo ndi ndowa. Anamwino ankasamba m'manja ndi madzi oyeza pakapu.

Choncho a mishoni anamutuma kuti amange nsanja ya thanki: nsanamira zinayi za konkire, thanki yaikulu pamwamba. Ntchito inayenda motsimphina. Mlatho wa panjira unali wothyoka, simenti nkumafika mwa apo ndi apo, moti nsanamira yomaliza anaithira zinzake zitauma kalekale. Dzimbiri ankadziwa kuti konkire saithamangitsa. Imakhwima pa nthawi yake.

Koma chinali chilimwe, ndipo dambo linayamba kuphwa. Tsiku lina Asisitere oyang'anira chipatala anamupeza pansi pa nsanjayo.

"A Dzimbiri, thanki ndi iyo, pampu ndi iyo. Amayi akuchira kuwodi uko popanda madzi otsukira. Tikudikira chiyani?"

Iye anafuna kunena kuti nsanamira imodzi ikadali yanthete. Koma anaona nkhope ya Asisitere, naonanso amayi ataima ndi ndowa zopanda kanthu, maso onse ali pa iye. Ndiye anangoti:

"Mawa tipopa, Asisitere."

Anapopadi. Mipopi inalavula madzi, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Onse anakondwa, kupatula iye yekha. Chakudya chinayamba kumukanika. Kamphepo kakangowomba, maso ake ankathamangira kunsanja. Ndipo amayi odikirira odwala, poona mthunzi wabwino ndi madzi pafupi, anasamutsira mafuwa awo pansi penipeni pa thanki. Ana awo ankathamangitsana pakati pa nsanamira.

Masana ena, dzuwa likuswa mtengo, anapita kukaiona nsanamira ija. Anapeza mng'alu wopyapyala ngati ulusi. Atayikapo chala, mchenga unayoyoka. Atagunditsa khutu, anamva m'kati mukuthetheka ngati nkhuni zikamagwira moto. Pafupi ndi phazi lake panali khanda, ataligoneka pa chitenje, mayi ake akukoleza moto.

Mtima wina unati, "Mata simenti pamwamba, palibe adzadziwe. Ukataya madziwa, aliyense adziwa kuti unalakwitsa."

Kenaka anakuwa: "Chokani! Nonse chokani, siyani miphikayo!"

Anatola khanda lija nathamanga nalo, amayi akum'tsatira ndi mfuu. Atalipereka kwa mayi ake, anatembenuka. Mpopi waukulu wokhuthulira thanki unali pansi pa nsanja, pambali pa nsanamira yong'aluka ija. Anabwerera komweko yekha. Timiyala tinkam'gwera pamutu. Chotsegulira chinam'pulumuka, nachigwiranso, napotokola ndi mphamvu zake zonse. Madzi anatuluka mwaukali, nayenderera pa fumbi.

"Apenga bambowa! Akutaya madzi athu!" amayi anatero, ena akulira.

Asisitere anafika akuthamanga. "A Dzimbiri, mwatani?"

Iye anangoloza kunsanja. Thanki itapepuka ndithu, nsanamira ija inalira ngati mfuti. Chibuma cha konkire chinagwa nichiphwanya mphika wa nyemba umene unali pamoto. Nsanja inapendekeka pang'ono, niima. Mayi wa khanda uja anakhala pansi m'matope, atamukumbatira mwana wake.

Chipatala chinabwerera ku ndowa mpaka mvula itagwa. Ntchito ya Dzimbiri inathera pomwepo, ndipo ena sanaleke kumunena. Koma pansi pa nsanja ija sipanatoledwe mtembo.

Abale anga, munthu uyu anaopa kawiri. Poyamba anaopa maso a anthu, nasenzetsa katundu chinthu chosakhwima. Kachiwiri anaopa imfa ya anthu omwewo, nalola kutukwanidwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, komatu manyazi a womanga samupha yekha. Inunso pali chimene mukumanga, ndipo pansi pake pakhala ana a eni. Ngati mwauona mng'alu, musaumate. Kuwani lero, anthu akadali ndi mpata wothawa.