Njinga Imene Inakhuta Oilo wa Chigayo

Panali munthu wina wa kabaza amene ankakonda njinga yake yamoto ngati mwana. Njingayo ndiyo inkadyetsa banja lake.

Tsiku lina mnzake wa kuchigayo anamupatsa oilo wa injini zikuluzikulu, wolimba ngati uchi. Munthuyo anati mumtima, "Cholimba ndicho champhamvu." Anakhuthula oilo wakale n'kuthira wa chigayo uja.

Injini inachepetsa phokoso, iye anakondwa. Koma kutayamba kuzizira mu Juni, njinga inkavuta kulira m'mawa. Pachitunda inkabuula, mpaka okwera ankatsika n'kuyenda pansi. Petulo wa tsiku lonse ankatha dzuwa lisanafike paliwombo. Poganiza kuti oilo wachepa, anawonjezera yemweyo. Njinga inangofookerabe.

Pamapeto anauza mkazi wake, "Mayi a Yankho, injini yafa. Mawa ndikaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha."

M'mawa mkaziyo anatenga khasu limene linagona panja, lozizira. Anadonthezapo oilo wa chigayo, pambali pake oilo wakale wotsalira m'botolo, n'kulipendeketsa. Wakale uja anatsetsereka. Wa chigayo anangokwawa.

"Bambo a Yankho, ine za injini sindidziwa," anatero. "Koma njingayi inayamba kudwala zovala zanu zitayamba kukana sopo chifukwa cha oilo wa chigayoyu. Inuyo mungathamange m'matope ofika m'mawondo osamva njala?"

Mwamunayo anayang'anitsitsa khasulo. Kenaka anaseka. "Ndiye kuti ndakhala ndikuipha ndi chikondi?"

Anakankha njinga ija mpaka kwa makaniko. Kumeneko anakhuthula zonse n'kuthira oilo woyenera injini yaing'ono, wosalimba kwambiri, komanso wosakhala wamadzimadzi woti zitsulo zidyane. Masana omwewo anakwera chitunda chija atanyamula mayi wina ndi thumba la mbatata, osaima.

Amayi anzanga, nanunso abambo, munthu uja sanali woipa. Anapereka chimene ankayesa chabwino koposa, osafunsa ngati chikukwana mwa wochilandira. Ifenso mwana timam'letsa ichi, kum'letsa icho, kum'yankhira asanatsegule pakamwa, mpaka m'nyumba muli zii, ife n'kumati waleredwa. Akafooka timawonjezera zomwezo, kenaka timati ndi wopanda nzeru.

Musathamangire kum'taya. Yambani mwaona chimene mwathiramo. Injini ija inali yamoyo nthawi yonseyi.