Timu ya pa Mbaula ya a Muhiwa

Kalekale, ku esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kunali mkulu wina dzina lake a Muhiwa, amene paunyamata wawo ankamenya mpira wopanda nsapato. Chaka chomwe adamwetsa chigoli chopambanitsa timu yawo, chikho kudalibe. Wosula zitsulo wa pa esitetipo adangowapangira zida zitatu za pamoto: mbaniro, kafosholo ka phulusa ndi chitsulo chotokosera makala, chilichonse chili ndi kampira kamkuwa kuchigwiriro.

Atakalamba, zidazo zidasanduka timu. Masana aliwonse ankakhala pambaula nkumabwereza masewero aja mofuula. Mbaniro inali goloboyi, chotokosera anali iwowo, khala linali mpira. Chigoli chinali chimodzimodzicho, koma chaka chilichonse mtunda womwe adamenyera unkatalikirabe. Ana awo atatu ankaseka, komabe ankawakonda kwambiri bambo awowo.

Tsiku lina kudagwa chiperoni. Mkuluyo adalowetsa mbaula m'nyumba, natseka mawindo ndi chitseko, ndipo mpweya wa makala udawakomola.

Esinati, mwana woyamba, ankachapa kuseri kwa nyumba. Kwa zaka zonsezi ndi iye yekha amene ankamvetsera mpirawo osatopa. Atamva kuti kuli zii nthawi ya chigoli, adataya sopo nkuthamanga. "Abale inu, thandizeni! Ababa sadamwetse lero!"

Faisoni, wachiwiri, anali ndi dzanja lalitali. M'mawa womwewo adazembetsa chotokosera chija kuti akawotchere chimanga chogulitsa kumsewu, chinthu chomwe bambo ake ankamukalipira nacho sabata iliyonse. Atamva mfuu adabwera nacho kumanja. Chitseko chinali chokhoma mkati, koma iye adachitegula ndi chitsulocho, nawanyamula bambo ake kutuluka nawo kumphepo.

A Muhiwa adatsitsimuka, koma mtima udawachoka. Kuchipatala adangotembenukira kukhoma, osalankhula, osadya, masiku anayi athunthu. Ana awo adachita mantha zedi. Ndiye adafika Dailesi, chitsiriza, wa pakamwa posatseka, nakhala pabedi nkuyamba kucheza ndi odwala ena mokweza.

"Paja chigoli cha ababa chija akuti chinali cha ofusayidi. Komanso anthu amati adamwetsa ndi a Namalomba, iwowa ankangothamanga pambali."

Bulangete lidagwedezeka. "Iwe mwana iwe! Namalomba wake uti? Uja ankathawa mpira ngati kuti ndi ng'ombe yolusa? Bweretsa phalalo kuno, ndikhute kaye, ndikuuze bwinobwino!" Adamaliza mbale yonse, napemphanso ina.

Atabwerera kunyumba adaitana ana onse, naika zida zija pamphasa, chotokosera chili chopindika pang'ono.

"Ana anga, manja angawa ayamba kunjenjemera. Timu iyi ikufuna mwini watsopano."

"Ndi zitatu, ife tilipo atatu," adatero Faisoni. "Tingogawana, ababa."

"Timu sagawa! Goloboyi yekha akasewera ndi ndani? Atenge mmodzi, amene adandipulumutsa."

Ana adayang'anana, aliyense akulozera mnzake, koma m'mitima onse ankazifuna.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, weruzani. Esinati akadapanda kutchera khutu, palibe akadadziwa. Faisoni akadakhala mwana womvera, chitseko sichikadatseguka msanga. Dailesi akadasunga ulemu, mkuluyo akadafa ndi njala mankhwala ali pafupi. Kodi timu ya a Muhiwa ipite kwa womvetsera, kwa wozembetsa, kapena kwa wonyoza?