Masamba Pamsewu wa ku Mzikiti

Dzulo, pa kanema wa m'chipinda changa kuno ku Joni, ndinaona nyumba yopemphereramo ya kudziko la Aisiraeli ndi Apalestina denga litagwa, nsapato zili mbwee pakhomo. Nditasintha siteshoni ndinapeza ena akulirira nyumba ina, ya mbali inayo, ngati yoyamba ija kulibe. Utsiwo unandikumbutsa utsi wa lupsa wa kwathu m'chilimwe, ndi fanizo limene malemu mkazi wanga Nangondo ankakonda kunena. Tamverani, ana a kwathu.

Panali munthu wina wanjinga amene ankanyamula nkhani pakati pa midzi iwiri yolekanitsidwa ndi dambo. Akumtunda ankapemphera m'tchalitchi, akutsidya mumzikiti. Iye ankadya konsekonse.

Tsiku lina tchalitchi chinapsa. Tsiku lomwelo mzikiti unapsanso. Woyatsa moto sanaoneke. Wanjingayo anaona phulusa la nyumba zonse ziwiri ndi maso ake.

Atafika kumtunda anati, “Kutsidya amuna onse asonkhana pamzikiti, palibe akuseka.” Sananame. Anangosiya kunena kuti asonkhana paphulusa. Kutsidya nako anali atanena zomwezo za akumtunda. Konseko anamupatsa nkhuku.

Mkazi wake anali wobadwira kutsidya, ndipo bambo a mayiyo ndi amene ankaitanira anthu ku mapemphero kumzikiti. Atamva zonse pakhonde anafunsa, “Bambo a Lunia, bwanji simunawauze kuti kwathu nako kwapsa?”

“Wolira safuna kumva maliro a mnzake,” anayankha mwamunayo akumangirira nkhuku. “Ndikanawauza zimenezo, iyi ikanabwera?”

M'mawa amuna akumtunda ananyamuka ndi zikwanje, akuimba. Mayiyo anadziwa kuti munthu woyamba amene amunawo akamupeze pamzikiti ndi bambo ake. Anathamanga njira yachidule ya m'dambo, nathyola nthambi za masamba, n'kuziyala pamsewu wolowera kumzikiti. Kenako anakhala pansi pomwepo.

Paja kwathu masamba pamsewu ndi maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, woimba amatseka pakamwa. Palibe amayamba wafunsa kuti womwalirayo ndi wa mpingo uti.

Amuna aja atafika pamasambapo, nyimbo inazima yokha.

“Mayi, watisiya ndani?” anafunsa wotsogolera.

“Yendani pang'onopang'ono, mukaona.”

Anayenda zipewa zili m'manja, zikwanje zitaloza pansi. Atakhota anaona makoma akuda opanda denga, ndi nkhalamba, bambo a mayi uja, ikutola mikeka yopsa. Kuseri kwa khoma kunali anyamata, aliyense mwala m'dzanja.

Nkhalambayo inadzutsa mutu. “Mwabwera kudzamaliza?”

Wotsogolera uja anayang'ana phulusa nthawi yaitali. “Ifenso kwathu kwapsa, bambo. Za kunozi sitinauzidwe.”

“Ifenso za kwanu sitinauzidwe.”

Mwala umodzi unagwa pansi. Kenako wina. Zikwanje zija zinakadula mitengo ya madenga awiri, ndipo wanjinga uja palibe anamufunsanso nkhani.

Tsono inu amene mumadzaza chipinda chino madzulo n'kumakangana za mzikiti, sunagoge ndi tchalitchi za dziko limene simunapondemo, dziwani kuti wonyamula nkhani akhoza kukuphetsani osanama ngakhale liwu limodzi. Akakuonetsani phulusa, lirani, poti ndi nyumba ya mapemphero. Koma mufunsenso zimene zili kumsana kwa wojambulayo. Sindikuti moto wonse ndi wofanana kukula. Ndikuti musanole chikwanje ndi theka la nkhani.

Nangondo anagona kumudzi ine ndili kuno, ndipo pamasamba ake sindinatsikepo njinga. Maso anga atha, sindingathenso kulemba. Wina mwa inu alilembe fanizoli, aike dzina lake pamwamba, osati langa.