Zidina za Mkamwini

Panali munthu wina, mkamwini, amene anatopa nako kukhala kwawo kwa mkazi. Anapempha chitengwa kuti apite naye kwawo. Malume ake a mkaziyo sanachulutse mawu: "Mangani nyumba ya njerwa kwanuko chaka chino. Ikaima, Nankhoma mumutenge. Ikakanika, musadzatifunsenso."

Munthuyu sanali waulesi, ayi ndithu, tisamunamizire. Chilimwe chonse anaponda dothi kudambo la kwawo mpaka mapazi kuchita zikang'a. Anaumba zidina zambirimbiri, naziyala pabwalo kuti ziume. Nkhuni anatema, anaunjika. Chinatsala n'kumanga uvuni ndi kuyatsa moto basi.

Tsiku lina masana, mu Okutobala, kumwamba kunada bii. Mvula inagwa pang'ono. Fumbi linagona, utsi wa m'tchire lopsa unazima, ndipo dzuwa linatulukanso ngati palibe chachitika. Zidina zija zinangochita timaenje pamwamba.

Nankhoma, amene anabwera kudzamupatsa chakudya, anazigwiragwira nati, "Bambo, mvula ija yatipatsa moni. Mawa timange uvuni."

"Aa, Nankhoma, mantha bwanji? Ichi n'chizimalupsa. Akuluakulu amati ntchito yake n'kuzimitsa moto wa m'tchire, si yobzalira. Yeniyeni ikadali kutali."

Ndipo zinaoneka ngati akunena zoona. Mnansi wake wina anathamangira kubzala chimanga ndi mvula yomweyo. Chinamera bwinobwino, kenaka dzuwa linachiwotcha chonse. Mkamwini uja anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mwaona? Opupuluma ndi amenewo!" Anatenga khasu lake, ulendo wokakumba mbewa kulupsa. Mawa lake mbewa, mkuja mbewa. Uvuni ankati aumanga sabata ya mawa.

Nankhoma sanakangane naye. Anasenza udzu umene anakwanitsa, mwana ali kumbuyo, nafunditsa kamulu kamodzi ka zidina kumapeto kwa bwalo.

Mvula yeniyeni siitumiza uthenga kawiri. Inabwera m'mawa wina, ndipo inagwa osakata. Pamene inaleka, munthu uja anathamangira kubwalo la zidina lija. Anapeza phala lokhalokha, matope akuyenderera kubwerera komwe anawakumba. Anaima manja ali kunkhongo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake analira, ndipo ine ndimamumvera chisoni mpaka lero, chifukwa thukuta lake linali lenileni.

Pansi pa udzu uja zidina zinali zouma gwa. Anaziwotcha. Zinangokwana khola la nkhuku.

Motero nkhuku za kwawo zinayamba kugona m'nyumba ya njerwa, mwini wake nabwerera kuchikamwini, mutu uli pansi.

Tsono anyamata inu, musamve mawu a makolo ndi khutu limodzi. N'zoona, chizimalupsa si mvula yobzalira, ndipo wobzala nacho amataya mbewu. Koma sichigwa kuti mukhale pansi. Chimabwera kudzakuuzani kuti foleranitu, wotchanitu, malizani zimene zili pabwalo. Mnansi uja anataya mbewu chifukwa cha phuma. Mkamwini anataya nyumba chifukwa cha mawu oona amene anawamva theka, ndipo ankadziyesa wanzeru pomuseka mnzakeyo.

Ena mwa inu kamvula kakuwazani kale: kachifuwa kamene sikakutha, mkazi amene wasiya kudandaula n'kungokhala chete, denga limene ladontha kamodzi. Mukuti sizinafike poipa. Inde, sizinafike. Nanga zidina zanu zili pati?